Anatuluka Atatu Okha

Ndikukumbukira buku lina lopanda chikuto limene aphunzitsi athu a Sitandade 6, a Chimbalanga, ankatiwerengera Lachinayi masana ku Nkhudzi. Anali a ku Ntcheu, aatali, Chiyao osachidziwa ngakhale moni. Bukulo linali la Chingerezi, masamba ake ofiirira ndi onunkha nkhungu, ndiye ankawerenga pang'ono n'kutitanthauzira m'Chichewa. Ife tili khale pansi pa mtengo wa mango, ntchentche zochokera pa matandala a usipa zikutitera kumaso, wozithamangitsa panalibe.

Nkhani yake inali ya mkulu wina wophunzira kwambiri koma wamtima wapachala, amene anakoka mwana wa mbale wake ndi mlenje wina wosakamba zambiri kuti akalowe m'chibowo cha pamwamba pa phiri, atsike mpaka pakati pa dziko. Tsiku loyamba tinaseka mpaka misozi. Mnyamata wina anafunsa ngati azunguwo analibe chochita kwawo, popeza kwathu wolowa m'dzenje ndi wokumba chimbudzi basi, ndipo naye amatulukamo dzuwa lisanalowe. Koma anthuwo atatsika, madzi atawathera, mnyamata wa m'bukumo atasochera yekha nyali itazima, kuseka kunatithera. Kenaka anapeza nyanja pansi pa nthaka, nyanja yeniyeni ya mafunde, ndi bowa wotalika kuposa migwalangwa. Apo ndiye nkhaniyo inandilowa.

Ababa anga anali siginala pa chilimira cha munthu wina, ukonde waukulu wokokera usipa usiku. Ndiwo ankakhala okha m'bwato la nyali, kuitana usipa kuti ulowe mu ukonde. Ndinkawafotokozera za bukulo iwo akupukuta magalasi a nyali zawo, manja akununkha parafini. Za bowa uja anazikana kuti ndi bodza la azungu, koma za nyanja zinawakomera.

"Nyanja yopanda mwezi ndiye yabwino, Asiyatu," anatero. "Usipa wake tingaukanike kunyamula."

Chaka chomwecho, mvula itangoyamba, ababa anatsegula m'mimba, ndipo pofika mawa lake anali atatisiya. Kwathu maliro sagona. Anawasambitsa, kuwakulunga m'sanda, n'kuwanyamula pa jeneza, chonyamulira maliro, amuna okhaokha, chifukwa akazi sitipita kumanda. Ine ndinatsala pakhonde pakati pa azimayi olira, ndikuyang'ana misana ndi makofiya oyera akukhotera kuseri kwa mzikiti. Dzenje sindinalione, dothi sindinalione. Ababa anangokhota pamenepo, basi.

Patapita masiku ndinakakamiza achimwene anga a Saidi, amene anapita kumandako, kuti andiuze momwe anawaikira. Anayankha mokwiya, akuyang'ana kumbali. Anati dzenje limatsika chowongoka, kenaka pansi amakumba kachipinda kolowa cham'mbali. Ababa anawagoneka mmenemo, n'kutseka pakhomo ndi timitengo ndi masamba kuti dothi lisawagwere. Ndinafunsa za bokosi.

"Bokosi lachiyani? Ife sitiika munthu m'bokosi."

Kutsika chowongoka, kenaka njira ya cham'mbali! Ndi mmenenso anayendera anthu a m'buku aja. Bokosi panalibe, misomali panalibe, dothi silinawakhudze, ndipo ababa anali munthu wozolowera mdima ndi madzi. Zimene a mwalimu ankatiphunzitsa ku madrasa za munthu m'manda ndinkazidziwa, ndipo sindinkazitsutsa. Koma mwana amatha kunyamula zinthu ziwiri mumtima umodzi osaona chovuta. Ndinakhulupirira kuti adzuka, atsata njirayo, afika ku nyanja ija, ndipo ngati azungu osadziwa kupalasa angatuluke, siginala sangalephere.

Kuyambira pamenepo bukulo silinalinso nthano kwa ine. Anzanga ankafuna kumva za zilombo zomenyana m'madzi, ine ndinkangodikira chinthu chimodzi: kodi wolowa pansi amatuluka? Lachinayi linkachedwa kufika, ndipo a Chimbalanga ankatseka buku pamene pakoma, dala. Sabata ina anatisiya anthuwo ali pa phaka la mitengo pakati pa nyanja, chimphepo chitang'amba thanga, ziphaliwali zili ng'aning'ani.

Sabata yomweyo, sadaka ya ababa itatha, amalume anabwera kuchokera ku Katuli kudzatenga amama. Mwamuna atapita, mkazi amabwerera kwawo, nanga pagombe akanamudyetsa ndani? Lole inkanyamuka Lachitatu. Lachiwiri nditaweruka ndinawapeza aphunzitsi akupopa njinga kuseri kwa kalasi, ndipo ndinagwada patali.

"Aphunzitsi, kodi anthu aja anatuluka?"

Anaseka, akupopabe. "Iwe Asiyatu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ubwere Lachinayi ngati anzako."

Sanali oipa mtima, bambo aja. Sankadziwa kuti tikusamuka, sankadziwanso chimene ndinkafunsira. Ndinayankha kuti zikomo n'kunyamuka. Mawa lake tinali pamwamba pa matumba, nyanja ikubisala kumbuyo kwa mapiri, ine ndikulira kulira kumene sindinalire pa malirowo. Amama ankaganiza kuti ndikulirira anzanga.

Ku Katuli kunalibe nyanja, kunalibe buku, ndipo sukulu inali kutali moti nthawi ya mvula mitsinje inkatitsekera njira. Ndinapitako pang'ono n'kusiya. Ndinkalima ndi amama, ndipo akandipatsa msana ndinkagunditsa khutu pa mzere kuti mwina ndimva mafunde. Ndinkangomva chiswe. Aliyense wophunzira amene anadutsa pamudzi pathu ndinkamufunsa, koma buku lopanda chikuto ungalifunse ndi dzina lanji? Ankandiyang'ana ngati wopenga. Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabereka, ndinaikanso ena, ndipo nzeru ndinali nazo zodziwa kuti manda ndi manda. Komabe kwinakwake mkati mwangamu anthu aja anali adakali pa phaka, ndipo ababa anali nawo, atagwira nyali kutsogolo.

Masiku ano ndimagulitsa nyemba mumsika wa Mangochi. Zinthu zinasintha, abale. Ana salindiranso Lachinayi, chilichonse chili m'foni. Chaka chatha ndinamufotokozera nkhaniyi mwana wanga Mariamu, wa ku sekondale, tikusankha nyemba pa lichero. Ndinkangocheza. Iye anatulutsa foni, kudinadina, ndipo ndisanamalize ngakhale dzanja limodzi la nyemba anakuwa mosangalala.

"Amama, anatuluka! Phiri lina lamoto la kudziko lakutali linawalavula, n'kugwera kumene kuli dzuwa ndi zipatso."

"Angati?"

"Onse atatu."

"Atatu okha?"

Anandiyang'ana modabwa. "Nanga si analowa atatu, amama?"

Ndinanamizira kuti kachitsotso kandigwera m'diso. Chimene ndinachifuna moyo wanga wonse ndinachipeza ngati kugula mchere, ndipo ndinalakalaka foniyo ikanakhala yopanda moto. Pamene sindinkadziwa mathero, ulendo unali usanathe, ndipo ababa anali m'njira. Tsopano anthuwo anafika kwawo kalekale, anawerengedwa n'kukwana. Tsiku limenelo, pakati pa phokoso la msika ndi mabelu a kabaza, ndi limene ine ndinaika maliro a ababa anga.