A Herminia Ankadikira Mvula

Pa msewu wathu uno ku Puente Alto palibe amene sawadziwa a Herminia, mayi aja amakazinga sopaipiya pafupi ndi siteji ya basi. Mandasi a dzungu amenewa muno mu Santiago timawafuna mvula ikamagwa, ndiye mitambo ikangoda mayiwo amakhala atayatsa kale moto. Koma chaka chatha mvula ankaidikirira zina.

Amuna awo, a Baldomero, anali owotcherera zitsulo, ndipo anagwira nawo ntchito yomanga nsanja yayitali ija ya m'tauni. Moyo wawo wonse akhala akutitopetsa nayo: akuti uli pamwambapo mapiri umachita ngati uwakhudza. Chimalizireni ntchitoyo sanakwereponso. Kenako adokotala anawauza kuti maso akutha, pofika chilimwe mwina azidzangoona mbuu.

A Herminia atamva, anangovula epuloni n'kunena kuti madalawo akwera nsanja yawo, afune asafune. Khoma lathu ndi lopyapyala, ndiye zonse tinkazimva. Bambowo ankati kumeneko n'kwa alendo a makamera. Mayiwo ankati ngati ndi kamera, akabwereka.

Ulendo woyamba unalephereka chifukwa cha phuma. Anapita Lamlungu lina la mu Juni, mvula isanagwe, utsi utaphimba mzinda wonse. Atafika pakhomo la nsanjayo a Baldomero anangonunkhiza mpweya n'kunena kuti lero pamwambapo n'chimodzimodzi kusuzumira m'thumba la simenti. Anabwerako osakwera, osalankhulana.

Mwana aliyense kuno amadziwa kuti mapiri amaoneka m'mawa wotsatira mvula, utsi utatsukidwa. Ndiye a Herminia anayamba kudikira, poti kuno mvula imagwa m'miyezi yozizirayi. Juni anatha kuli gwa. Julaye nayenso. Bambowo anayamba kuphonya kapu pothira tiyi, mayiwo n'kumangopukuta tebulo.

Itagwa mvula mu Ogasiti, anakazinga tsiku lonse, anthu ali pamzere ndi maambulera. M'mawa mwake, ngolo yawo yokazingirapo inali yokutidwa ndi lona. Tinawaona akupita kokwerera sitima, bambowo atavala jekete la pa ukwati wa mwana wawo, mayiwo akuwakoka dzanja.

Zotsatirazi anandiuza okha a Herminia, ndipo anati ndisauze munthu. Iwo chivomezi chachikulu chija chichitikireni sakwera ngakhale nyumba yosanja kawiri. M'chikepe anatseka maso. Anatuluka ali chitsekere, atakakamira mkono wa amuna awo, moti amene anatsogolera mnzake kukafika pagalasi anali wosaonayo.

"Mukuona chiyani, madala?"

"Choyera. Chachitali, kuchoka uku mpaka uko." Bambowo analoza ndi chala. "Ndi mapiri omwewo. Chipale chofewa chatsika kwambiri chaka chino."

Kenako bambowo anatembenukira kwa mayiwo, amene anali atakakamirabe mkono wawo.

"Herminia, mwatsinzina eti? Mwandikokera kuno kuti tonse tikhale akhungu?"

"Ine ndabweretsa inu. Zanga zisiyeni."

"Tsegulani, nkhalamba inu. Mapiri ndawaona ndekha, koma pansipo sindikuonapo. Mundiuze."

Anatsegula diso limodzi, kenako linalo. Anayamba kuwauza: mtsinje uli ngati ulusi wakuda, mabasi ngati nyerere, kwathu kuno sikukuoneka n'komwe. Bambowo ankangowakonza, amvekere ayi, umenewo si msewu umenewo, yang'anani kumanzere.

Anakhalako mpaka utsi unayambanso kukwera. Pano a Baldomero saonanso, koma nkhani ya nsanja sinathe. Kungoti masiku ano amene akutitopetsa nayo ndi a Herminia.