Bambo Atasuta Kope la Esinati

Ndikukumbukira ndodo ya nsungwi imene mng'ono wanga Esinati anazika kuseri kwa nyumba yathu, kumalaini a esiteti ya tiyi ku Thyolo. Wezulo ya kufakitale ikangolira masana, iye ankagwada ndi rula kuyeza chithunzithunzi cha ndodoyo, n'kulemba m'kope lake lachikasu. Kukachita chiperoni dzuwa osaoneka, ankangoti ndwii ngati pagwa maliro. Aphunzitsi ake, a Mulepa, ndi amene anamuyambitsa misala imeneyi. Ankati kopelo likadzaza apita nalo ku mpikisano wa sayansi ku Boma, ndipo wopambana amulipirira sekondale. Bambo anali atanena poyera kuti akakalephera, dengu likumudikira, azikathyola tiyi ndi mayi.

Ine ndinali nditasiya kale sukulu, ndipo nsanje inkandidya, sindibisa. Kutunga madzi ine, nkhuni ine, mbale ine, adona ali gwade pa ndodo! Tsiku lina bambo akuweruka kuntchito, ovolosi itanyoweratu ndi mame a m'tiyi, anandituma kuti ndiwapezere pepala lopichirira chingambwe. Ndinalowa m'nyumba, ndinang'amba mapepala atatu pakati penipeni pa kope lija, n'kukawapatsa ndi manja awiri, mwaulemu wonse. Iwo sankadziwa kuwerenga. Anangoyamikira kuti pepalalo ndi lofewa bwino.

Esinati anazindikira mawa lake. Sanakuwe ayi, anangokhala pakhonde kope lili pamiyendo, misozi ikudonthera pa manambala. Ntchito ya masabata angapo inali itapita. Bambo atamva, anapisa m'thumba n'kutulutsa ndudu zinayi zimene anali asanasute. Anazimasula imodziimodzi ndi zala zawo zong'aluka zija, kukutumula fodya, kuwongola tizidutswato pabondo. Ine anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenako anauza Esinati kuti anang'amba ndi iwo, mosadziwa.

Mtima unandiwawa, ndiye ndinafuna kukonza zinthu mwanzeru zanga. Ndinamunong'oneza kuti angolembamo manambala a m'mutu, nanga ku Bomako alipo amene anaiona ndodoyo? Anandiyang'ana ngati ndamutuma kukaba mbuzi.

"Achemwali, zimene sindinayeze sindilemba."

Tizidutswa tija anamata ndi phala la chinangwa, ndipo pamene panatsala popanda kanthu analembapo kuti apa bambo anasuta. Tsiku la mpikisano bambo anapempha chilolezo kwa kapitawo, anavala jekete la kutchalitchi, n'kumuperekeza wapansi mpaka ku Boma. A Mulepa ankakonda kusimba kuti oweruza ananunkhiza kopelo n'kuseka mpaka kupukuta misozi, koma mmodzi wa iwo anati mwa ana onse, uyu yekha ndi amene anavomera poyera pamene sakudziwa. Esinati anapita ku sekondale. Dengu lija ndinalibereka ndine, mpaka msana unakana.

Lero Esinati ndi dokotala, osati wa jakisoni, koma wa zakuthambo. Amafufuza mmene chilengedwe chonse chinayambira ndi mmene milalang'amba ikutalikiranabe. Mwana wanga anandionetsa pafoni mndandanda wa zimene amayi ake aang'ono analemba, wautali mpaka chala kutopa, ndipo akuti akatswiri a mayiko akutali akamalemba zawo amatchula dzina lake ngati mboni. Ine mmenemo ndimatolamo dzina lokhalo, zina zonse ndi chizungu cha anthu ophunzira. Kumalaini kuno zinthu zinasintha: atsikana ambiri akufika fomu folo, ndipo nthawi aliyense amaonera pafoni, za wezulo anaiwala.

Chaka chatha anabwera pomanga chiliza cha bambo. Anthu akubalalika, ndinamukokera pambali n'kumuululira zonse, nditakonzeka kutukwanidwa. Iye anati ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo, poti bambo sankadziwa n'komwe pamene ankabisa kope. Ndinamufunsa kuti nanga zaka zonsezi anakhaliranji chete.

"Bambo anandiletsa tili m'njira yopita ku Boma. Anati inu munali mutaluza kale sukulu, musaluzenso ndi mng'ono wanu."

Ndinakhala pansi padothi lofiira la kumandako ndi chitenje changa chatsopano, ndipo ndinalira kuposa tsiku limene tinawaika.