Ngalande za Aroma ndi Chimanga cha ku Ntcheu

Linali Lachitatu lachiwiri la mwezi wa Ogasiti, folo koloko itangokwana, pamene mwana wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi anayamba kulira pathebulo m'nyumba yathu ya lendi ku Balga, kudziko la kutsidya kwa nyanja komwe tinasamukira. Ntchito ya kusukulu inkafunika m'mawa mwake. Bambo ake, amene amamuthandiza, anali kumgodi ndipo foni yawo sinkagwira.

"Bwera nayo tione," ndinatero.

"Inu simungathe, amayi," anandiyankha m'Chingerezi, osandiyang'ana. "Ndi za Aroma."

Sindinamukalipire. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, iyenso amadziwa. Koma zinandiwawa kuti mwana wobereka ndekha wayamba kale kundiona ngati munthu wongophika ndi kuchapa.

Ndinasuzumira papepalapo, ndikunamizira kupukuta thebulo. Panali chithunzi cha munda wa tirigu wa ku Ulaya, chojambulidwa kuchokera m'ndege. Tiriguyo anali atachita chikasu, koma mkati mwake munkadutsa mizere yobiriwira, yowongoka bwino. Ndinamupempha kuti andiwerengere funso. Linkati: ngalande zimene anthu a nthawi ya Aroma anakumba m'malire a minda yawo zinakwiririka kalekale, nanga zikuonekabe chifukwa chiyani?

Ndinaseka.

"Mukuseka chiyani?"

"Iwe, misozi yonseyi ukulirira zimenezi?"

Ndinamuuza za munda wathu wa ku Ntcheu. Pakati pa ife ndi amalume panali ngalande ya malire, imene inadzaza dothi ndi zinyalala ine ndisanabadwe. Mvula ikadula, chimanga chonse chinkafota, kupatula mzere umodzi wodutsa pamenepo. Nthaka yake ndi yakuya, imasunga chinyezi. Pakabuka mkangano wa malire, akuluakulu sankakumba ayi, ankangoyang'ana chimangacho.

"Nanga mizere iwiri yoyandikanayi?" anafunsa, akuloza ndi pensulo.

"Pakatipo mpodutsa ng'ombe. Ungazisiye zizingolowa m'munda wa mnzako?"

Sanakhulupirire. Anafufuza pa tabuleti ya kusukulu, n'kuwerenga kwa kanthawi milomo ikugwedera. Kenako anadzutsa mutu.

"Akatswiri okumba zakale akunenanso zomwezo! Munaziwerenga kuti?"

"Sindinawerenge. Ndinkapalira pamenepo."

Anakoka mpando wina n'kundiuza kuti ndikhale pansi, ndibwereze pang'onopang'ono. Analemba tsamba lonse. Pamalo amene aphunzitsi amafuna kuti mwana atchule komwe wapeza mayankho, analembapo kuti amayi anga. Ndinamuuza kuti afufute, anthu angandiseke. Anabisa labala m'thumba.

"Koma anzanga adzafuna kudzaona okha," anatero. "Ku Ntcheu n'kutali."

M'mawa mwake, nditamuperekeza kusukulu, ndinakabwereka fosholo kwa mayi wa ku Zambia woyandikana nafe. Ndinakumba kangalande mumchenga wa kuseri kwa nyumba, n'kuthiramo makoko a mbatata ndi dothi lakuda. Ndinakwirira, kusalaza mpaka osaoneka, kenako ndinafesa mpiru ponseponse.