Malire a munda wathu pa laputopu yanu

Achimwene, chaka chatha chitisiyireni, ndipo lero foni yandikumbutsa chithunzi chija cha phiri lathu ku Tsangano, chojambulidwa m'mwamba ndi kandege. Munkayeserapo masamu anu ophunzitsa kompyuta kugawa chithunzi m'zigawo. Tsiku lija pakhonde munandionetsa pa laputopu mmene kadontho kalikonse kamagwirirana ndi kanzake. Tofanana timaphatikana n'kukhala mzere, mizere n'kukhala munda, minda n'kukhala phiri. Munati, "Malire ofooka ndi amene amayamba kufufutika, chemwali." Kenako kompyuta inaphatikiza munda wathu ndi wa amalume, poti tonse tinadzala kachewere sabata imodzi. Munaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mudzakonza.

Simunakonze. Chaka chino amalume alima mpaka kudutsa udzu wa vetiva wa m'malire uja, ndipo amayi alibenso mphamvu zokangana. Laputopu ili m'sutikesi. Ndikaitsegula ndimangoona manambala oti pamudzi pano palibe angawamve. Anthu akuti ndizolowera, koma sindikuzolowera. Munda ukutha mzere umodziumodzi, achimwene, ndipo amene mukanatilankhulira muli chigonere kumanda.