Mano a masitampu a malemu Gilibati

Amene akuti a Efulemu ndi amantha abwere adzanene pamaso panga, pa okala yanga pano pa Mitundu, aone chimene ndimuchite.

Bambo amenewa anakalambira pa esiteti ina cha ku Dzalanyama, akusankha fodya. Tsamba loola ankaliti loola, bwana akalipe asakalipe. Masitampu anayamba kutola komweko, pa makalata a matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mafoni anapha makalata, koma alipo anthu a m'tauni ogula masitampu akale, ndipo sagula a Efulemu asanaikepo galasi lawo n'kutchula giledi. Chuma cha bambowa ndi mawu awo basi.

Ndiye kunabwera mayi Jacinta a ku Nathenje, akazi a mnzawo wapamtima, malemu Gilibati, atakulunga buku la masitampu a malemuwo m'chitenje.

"Alamu, abale awo ankati amuna anga ndi openga. Tchulani giledi, akaone kuti anandisiyira kanthu."

A Efulemu anatsegula. Masitampu a nthawi ya Nyasaland, osowa ndithu. Koma malemuwo, munthu wa fodya wozolowera kulinganiza masamba, anameta ndi sizasi timano tonse ta m'mphepete kuti aoneke audongo. Sitampu yopanda mano ndi chinyenyeswa, palibe angaigule.

"Ndiyang'ane kaye," anatero a Efulemu.

Anayang'ana chaka chathunthu! Ine ndinakalipa mpaka kukhosi gwa. "Achimwene, tchulani giledi yoyamba! A m'tauniwo akuphani? Apo ayi auzeni mayiwa zoona!"

"Ndikanama, galasili nditaye. Ndikanena zoona, ndamuika Gilibati m'manda kawiri."

Ku msika wa Nathenje anasiya kupita. Minibasi ikaima, ankazembera kuseri kwa okala kuopa kuti mutsika mayiwo. Kenako anapeza nzeru imene ine, chitsiru, ndinaiombera m'manja: kuchotsa ometedwawo n'kuikamo awo amano. Koma awo ofanana nawo anangokwana tsamba loyamba.

Loweruka lina mayi Jacinta anawapezerera buku lili chitsegulire pa benchi yanga. Anayang'ana tsamba lija nthawi yaitali.

"Alamu, manowa amera liti? Sizasi ndinkakawabwerekera ndine kwa atelala."

Ine wapakamwa ine, ndinayamba kukonza mabatire amene anali okonzeka kale.

"Bwezani a amuna anga. Mukatero mutchule giledi, pompano."

A Efulemu anatulutsa envulopu ya ometedwa aja m'jekete, nabwezera imodziimodzi.

"Zinyenyeswa, alamu. Onse."

Mayiwo anakulunga buku lawo, nakwera kabaza osatsanzika.

Galasi lija a Efulemu akadali nalo, ndipo a m'tauni akubwerabe. Koma tsiku lomanga chiliza cha a Gilibati uthenga wowaitana sunawafike. Anakhala pa benchi yanga atavala jekete, kuyang'ana msewu. Ndinawapitira ndine. Mlamu wina wa malemu atafunsa monyoza kuti mnzake uja ali kuti, ndinamuyankha mpaka abusa anatembenuka.