Manja Anga Atakana Chiwongolelo

Chizindikilo choyamba chinali manja. Patatha milungu itatu chichitikile ngozi, ndinakwela lole ina pa depoti ya chimanga ku Petauke n'kuliza injini, koma manja ananjenjemela mpaka ndinalephela kugwila chiwongolelo. Ndinatsika n'kuuza akapitawo kuti ndamva malungo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene mchele ndi sopo tinkachita kuimila pamzele. Ntchito yanga inali yotuta chimanga m'midzi. Tsiku la ngoziyo ndinanyamula mlamu wanga aDaka, amuna ake a mlongo wanga Esinati, amene ankapita ku Nyimba kukaona amai awo odwala. Pamtsetse wina mabuleki anakana. Lole inagubuduka, matumba anawapsinja, ndipo anafela pomwepo. Ine ndinatuluka ndi kabala pachipumi basi. Pamalilo Esinati sanandiyang'ane, inenso sindinapite pamene anakhala.

Pambuyo pa manja panabwela mutu, kenako mtima wogunda ngati ndathamanga. Tulo tinasowa, chakudya sichinkalowa. Ntchito inatha, ndinabwelela kwathu ku Kalindawalo. Ndinkakhala kuseli kwa nkhokwe tsiku lonse, ndipo ana akaseka ndinkawakalipila. Ndinayamba kachasu, amene kale sindinkamukhudza.

Kuchipatala ndinapita katatu mvula isanagwe. Unkafika m'mawa, kutenga kadi, kukhala pabenchi mpaka dzuwa pamutu. Akakubaya chala ankati, “Mubwele mailo,” kutanthauza mawa. Katatu konse magazi analibe malungo, ndinangopatsidwa mapilitsi a mutu. Sing'anga wina ananditema mphini m'mbali mwa maso, koma palibe chinasintha. Pofika nthawi yopalila ndinayamba kuuza mkazi wanga kumene adzandiike ndikafa. Iye anabisa chilichonse chimene ankaopa kuti ndingadzipweteke nacho m'nyumba, nandikokela kuchipatala kachinayi.

Tinapeza aMwanza, bambo wachikulile wothandiza madokotala. Anawelenga kadi langa nthawi yaitali.

“Bambo, thupi lanu lilibe matenda amene tikuwafunafuna. Chinachitika n'chiyani musanayambe kudwala?”

“Palibe,” ndinatelo.

Mkazi wanga anatembenukila kwa ine nati, “Atate ake a Yosefe, auzeni za aDaka.”

Ndinalila pamaso pa mkazi wanga ndi mlendo, ine amene pamalilo sindinagwetse msozi.

Anandigoneka milungu iwili. M'mawa anamwino ankabwela ndi phala ndi kapilitsi kokhazika mtima, kenako kudikila. Masana aMwanza akamaliza mzele ankanditengela pabenchi kuseli kwa wodi. Sankalalikila. Ankangofunsa, ine n'kumafotokoza, nthawi zina nkhani imodzimodziyo masiku atatu. Tsiku lina anafunsa chimene ndinachita mabuleki atakana. Ndinati ndinabweza giya, ndinakoka buleki ya pamanja, ndinakuwila aDaka kuti alumphe.

“Ndiye kuti munayesa kuwapulumutsa,” anatelo. “Chisoni ndi chanu ndithu, koma mlandu mwadziweluza nokha.”

Nditatuluka ndinkabwelela kamodzi pamwezi. Pabenchipo ndinkapeza amuna ena awili: wina anachotsedwa ntchito kumigodi, wina mphunzitsi wofedwa mkazi. Onse anayamba ndi kudandaula mutu. Kachasu ndinamusiya movutika, ndipo kawili ndinabwelelako.

AMwanza ankandikumbutsa za Esinati, ine n'kumazengeleza. Ndinapita titakolola. Ndinamupeza akuswa nshawa, ndiye kuti mtedza, pakhonde, ana ake atatu atamuzungulila. Sanaimilile.

“Alongo,” anatelo, “amuna anga ndinawaika. Inu muli moyo, koma chaka chathunthu simunaponde pano. Ndinkalila anthu awili.”

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuswa naye nshawazo mpaka dengu linadzala.

Lelo ndine wokalamba. Ndimadya, ndimagona, ndimalima. Lole sindinayendetsenso, ndipo ndikakwela basi ya ku Nyimba ndimatseka maso pamtsetse uja. Esinati anamwalila tikuyendelana, ngakhale kuseka kwathu kwa kale sikunabwelele. Mwa amuna awili aja, wa kumigodi anasiya kubwela pabenchi, ndipo tinamva za malilo ake mvula yotsatila.

Amuna anzanga, mutu ukakana mankhwala, tulo tikathawa, mukayamba kuopedwa ndi ana anu, pitani kuchipatala msanga. Akakufunsani chimene chinachitika, musanene kuti palibe. Si onse ali ndi mkazi wowayankhila.