A Mkonopanja ndi Magetsi Akumbuyo

Mumsewu monse ankawatchula kuti a Mkonopanja, ndipo dzinali silinagwe kumwamba. Bambowa ankanyamula katundu wa anthu pa pikapu yakale: matabwa, mipando, mabedi a osamuka. Magetsi akumbuyo a galimotoyo anali abodza. Akaponda buleki, indiketa zonse ziwiri zinkaphethira. Akati akhotere kumanzere, kankayaka mwaulesi ndi kababu kakumanja. Choncho pokhota ankangotulutsa mkono pawindo, mpaka mkonowo unada kuposa unzake.

Anali munthu wokoma mtima, koma mawu oti "ndalakwa" mkamwa mwawo munalibe. Kwa makaniko sankapondako. "Galimotoyi ine timamvana," ankatero, pamene pansi pake mawaya olumikizalumikiza ndi tepi anali piringupiringu ngati chisa cha mbalame.

Tsiku lina wa njinga yamoto anatsala pang'ono kuwagunda kumbuyo, ndipo anawatukwana koopsa. Atafika kunyumba anaganiza zokonza, koma waya unawaperewera. Analowa m'chipinda chomwe akazi awo ankasokeramo zovala za anthu, napeza ayironi ili phee patebulo, chingwe chake chachitali bwino. Anachidula. Amayi atabwera sanakalipe. Anayang'ana ayironi, anayang'ana amuna awo, basi n'kutseka pakamwa. Kuyambira pamenepo chakudya chinkangoikidwa patebulo, madzi osamba kubafa, koma mawu ayi.

Zimenezi zinawawawa a Mkonopanja kuposa mmene ankaonetsera. Anazolowera kudzudzulidwa m'mawa ndi madzulo, ndiye nyumba itangoti zii anasowa mtendere. Anagula chingwe chatsopano n'kuchilumikiza ku ayironi, koma amayi anangosita zovala zawo osatukula mutu.

Vuto la galimoto analipeza Loweruka masana, atagona chagada pa katoni. Sanali mababu, sinali fyuzi, ndipo chingwe anadula chija sichinkafunika n'komwe. Kanali kabawuti komangira waya wa efi, wobweza magetsi uja, kuchitsulo cha galimoto, katadyeka ndi dzimbiri. Anapala pamalopo ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala, n'kumanga mwamphamvu.

Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe: magetsi akumbuyo amafuna wina aponde buleki, wina aime kumbuyo azinena zomwe akuona. Aneba analipo, atakhala pakhonde, koma a Mkonopanja anachita ngati sanawaone.

"Amayi, tandiimirani kumbuyoku. Mungondiuza ngati yayaka."

Amayi anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi, naima kumbuyo kwa galimoto manja ali m'chiuno. Bambo analowa kutsogolo.

"Ndaponda!"

Kenako anamva: "Yayaka."

Mtima wawo unagunda ngati wa mnyamata wokafunsira mbeta. "Nanga yakumanzere?"

"Ikuphethira."

"Yakumanja?"

"Nayonso."

Apa mantha anawagwira. Magetsi onse akhala bwino, ndiye kuti ntchito yatha, ndipo amayi abwerera ku makina awo osokera. Bambo anapisa dzanja pansi pa chiwongolero n'kuzula fyuzi mwakachetechete.

"Zazima!" anakuwa amayi. "Zonse zazima! Mwagwiranso chiyani inu? Munthu wamkulu ndi imvi zanu, manja osakhazikika! Chilichonse mukachikhudza chimafa. Kodi makaniko anakulakwirani chiyani?"

A Mkonopanja anatsamira pampando, maso ali chitsinzinire, akumwetulira ngati akumvera nyimbo. Sanamve n'komwe mapazi akubwera. Potsegula maso anapeza amayi ali pawindo, akuyang'ana kafyuzi kali m'dzanja mwawo.

"Oho! Ndiye masewera ake ndi amenewa?"

"Ndimafuna ndione ngati sinapse."

"Bwezeranipo. Ngati mukufuna ndiziyankhula m'nyumba muno, pali mawu oti munene, ndipo mukuwadziwa."

Bambo anabwezera fyuzi ija. Anakhosomola, anapukuta chiwongolero chomwe chinalibe fumbi, anayang'ana kukhonde kuti aone ngati aneba akumvetsera. Ankamvetseradi, makutu ali tcheru.

"Pepani, amayi," anatero chapansipansi. "Ndinalakwa."

"Mwati chiyani? Sindinamve, injini ikusokosa."

Injini inali yozima. A Mkonopanja anatulutsa mutu wonse pawindo, n'kubwereza mokweza mpaka aneba pakhonde anawomba m'manja.